Machubu a bedi la UV akuphethira: yambani mwayang'ana sitata

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene amakonza zamagetsi pamalo ochitira masewera olimbitsa thupi ku Kabulonga mumzinda wa Lusaka. Abwana awo anagula ku Johannesburg bedi logwiritsidwapo kale ntchito, lija azungu amagonamo kuti khungu lidere. Alemba kuti: "Machubu atatu akungophethira, awiri akungofiira kumapeto osayaka. Ndinagula masitata ku Kamwala n'kuikamo, koma sanakhalitse. Kodi ndisinthe machubu onse?"

Bambo, musafulumire kuwononga ndalama pa machubu. Ine ndikukayikira masitata munagulawo, tizitini ting'onoting'ono tija tothandiza chubu kuyaka.

Ochuluka m'mashopu a ku Kamwala ndi m'tauni ndi S10 ndi S2, a machubu a m'nyumba ndi m'maofesi. Tengani mmodzi muwerenge pambali pake: S10 analembapo 4–65 W, S2 analembapo 4–22 W. Pomwe machubu a bedi lotere nthawi zambiri amakhala a 100 W, ena mpaka 160 W. Maonekedwe ndi amodzi, ndipo S10 imalowa bwinobwino m'malo mwake, n'chifukwa chake anthu amapusitsika.

M'kati mwa kachitini kameneka muli kababu kagalasi kokhala ndi mpweya ndi tizitsulo tiwiri. Mukayatsa, mpweyawo umawala, kachitsulo kamodzi kamatentha n'kupindika mpaka kukhudza kanzake. Zikakhudzana, magetsi amadutsa mu tiwaya ta kumapeto kwa chubu n'kutitenthetsa. Kachitsulo kaja kakazizira kamabwerera, ndipo pomasukapo choki, koyilo ya waya yomwe imachepetsa moto wopita ku chubu, imaponya mphamvu yaikulu yomwe imayatsa chubu. Basi, ntchito ya sitata yathera pomwepo. Tsono chubu cha mu ofesi cha 36 W chimakoka 0.43 A, pomwe cha 100 W chimakoka pafupifupi 1 A. Tizitsulo ta S10 sitinapangidwire moto wotere. Timapsa, mwina kumatirirana osamasukanso. Machubu anu awiri ofiira kumapeto aja akuonetsa zimenezi, ndipo mukawasiya choncho, tiwaya tawo tipserera ndipo choki itentha kwambiri.

Ophethirawo, vuto lingakhale sitata kapena chubu chomwe, ndipo kuyeza kwake n'kosavuta. Thimitsani bedi pa bokosi la magetsi, osati pa batani pokha, ndipo dikirani mphindi zingapo chifukwa tizipangizo tina ta m'kati, totchedwa ma capacitor, timasunga moto. Chotsani chophimba cha acrylic, pulasitiki yoonekera ija yotchinga machubu, mosamala, chimasweka msanga ndipo n'chodula. Sitata imachoka poipotoza pang'ono kumanzere. Tengani ya pa chubu chomwe chikuyaka bwino muike pa chovutacho. Chikayaka, mwaupeza muzu wa vuto. Chikapitiriza kuphethira, yang'anani kumapeto kwake. Ngati kwada bii, chubucho chatha. Mukasintha zonse ziwiri koma osayakabe, onani mogwirira chubu ngati mwasungunuka kapena mwakhwepa, kenako choki.

Chomwe ndikufuna muwafotokozere abwana ndi ichi: sitata ndi chubu zimaphana. Chubu chokalamba chimachititsa sitata kuyesa kambirimbiri mpaka kutha, ndipo sitata yotha imadya tiwaya ta chubu chatsopano. Choncho tsiku losintha machubu, sinthaninso masitata onse, a mawati ofanana ndi olembedwa pa chubu. Ngati muno sakupezeka, itanitsani pamodzi ndi machubu, muonjezerepo osunga. Mtengo wa sitata ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa chubu. Dziwaninso kuti chubu cha UV chimafooka chikadali kuwala, ndiye pitani ndi maola amene opanga analemba, osati maso. Mabedi ambiri ali ndi kawotchi kowerengera maola.

Mukatsegula n'kupeza kuti mulibe masitata, ndiye kuti bedilo ndi la electronic ballast, chipangizo choyatsa machubu popanda sitata, ndipo zomwe ndanenazi sizikulikhudza.

Pali za kuno kwathu zomwe buku la bedilo silinena. Malaiti akangobwera pambuyo pa load shedding, musaliyatse nthawi yomweyo. Mphamvu ikakhala yotsika, machubu amavutika kuyaka ndipo sitata ndi imene imalipira. Pa jenereta yaing'ono n'chimodzimodzi. Onaninso kachikwangwani kakumbuyo: magetsi athu ndi 230 V, 50 Hz, ndipo choki yopangidwira 60 Hz, ngati za ku America, imatentha mopyola ikalumikizidwa kuno. Fumbi la mwezi wa August mpaka October nalo limatseka mafani, kutentha n'kuunjikana m'kati.

Za thanzi lanu ndizinena mosabisa. Mu 2009 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika makina amenewa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa. Poyeza machubu valani magalasi otchinga UV ndi malaya a manja aatali, ndipo muziyatsa kwa masekondi ochepa. Khungu lakuda silitchinjiriza maso. Kuwawa kwa masoko kumabwera usiku, ngati kwa munthu amene wayang'ana moto wa weludingi. Ngati muli ndi mnzanu wachialubino pantchitopo, asayandikire bedilo likayaka. Machubu akale ali ndi mercury, yomwe ndi poizoni, ndiye musawaswe kapena kuwaponya m'bini wamba. Abwezereni m'makatoni amene atsopano abweramo.