Za sikimu ya amayi anu, musathamangire yotchipa

Achemwali, mwafunsa kuti ndi sikimu iti ya inshuwalansi ya zachipatala yotchipa yoti mulowetsemo amayi anu omwe ali ndi shuga ndi BP pamodzi ndi ana anu awiri aja. Za kampani iti ine sindilowako, ena akutchulirani kale mayina ambirimbiri ngati amalandira kangachepe munthu akalowa. Ine ndingokamba zomwe zimaliza anthu atalowa kale.

Kwa amayiwo ndalama ya pamwezi si nkhani yaikulu, nkhani ili pa matenda omwe akulowa nawo. Masikimu ambiri ali ndi nthawi yodikira, mumalipira koma khadi silinayambe kugwira ntchito. Pa zinthu wamba imakhala mwina miyezi itatu, koma pa matenda omwe munthu wabwera nawo kale ngati shugayu imatha kufika chaka chathunthu, ndipo ena amangolemberatu kuti amenewa sadzalipira olo pang'ono. Ndiye mutha kumalipira mokhulupirika mwezi ndi mwezi, tsiku lina shuga wakwera amayi agonekedwa, inu mwatulutsa khadi monyadira, n'kukuuzani kuti izi si zathu. Funsani zimenezi musanasaine, ndipo yankho likhale lolemba, pa pepala kaya pa email. Za pakamwa za agent musadalire, iye akufuna mulowe basi, tsiku la claim, pofuna kuti sikimu ilipire bili, foni yake sidzapezeka.

Winanso wanena kuti mungobisa za shugazo polemba fomu. Aaa ayi ndithu, kumeneko ndi kutaya ndalama dala. Amayi akadzagonekedwa dokotala adzalemba mu file kuti akhala akumwa metformin, mankhwala a shuga, kwa zaka zakutizakuti, a inshuwalansi akaona zimenezo amakana claim ndipo atha kuthetseratu policy yonse. Bola kunena chilungamo, akukwezereni premium, ndalama ya pamwezi ija, kapena akuuzeni kuti mudikire, koma mudziwiretu pomwe mwaima. Mufunsenso za msinkhu, ena salandira munthu watsopano akadutsa zaka zinazake, ena amalandira koma ndalama imakwera.

Tsopano chomwe chinandiwotcha ine ndi ka 100% kamene amalemba pa timapepala tawo tokongola tija. Akazi anga anachitidwa opaleshoni yochotsa ndulu, sinali ya emergency, tsiku tinachita kupangana ndi dokotala. Pa reception anatenga khadi n'kutiuza kuti musadandaule za chilolezo tiyimbira ife kusikimu. Sanayimbe. Titatuluka sikimu inati opaleshoni yokonzekera ngati imeneyi imafuna chilolezo chathu kaye, ndiye tidula gawo lina. Ngati kuti izo sizinakwane, tinadzazindikira kuti 100% ija ndi ya mtengo womwe iwo a sikimu anakhazikitsa okha pa opaleshoniyo, osati mtengo womwe dokotala watchaja. Dokotala akatchaja kuposa pamenepo, kotsalako ndi kanu, ndi shortfall imene mumaimva ija. Kenako kunabweranso bili ina payokha ya dokotala wogonetsa tulo, munthu woti ine sindinamuonepo nkhope. Zonse pamodzi tinatulutsa m'thumba pafupifupi theka la bili yonse, tili ndi khadi m'manja eti. Kukangana nawo kunatenga miyezi, a chipatala akuloza a sikimu, a sikimu akuloza a chipatala, olipira tinali ife.

Ndiye chilichonse chokonzekera, kaya opaleshoni, kaya scan yodula ngati MRI, imbani nokha mutenge nambala ya chilolezo muilembe penapake. Ndipo funsani dokotala mosachita manyazi kuti kodi mumatchaja pa mtengo wa sikimu kapena pamwamba? Muonenso mndandanda wa zipatala zomwe sikimuyo imagwira nazo ntchito, chifukwa mukapita kwina amakuuzani mulipire kaye cash mudzabwezeredwa, ndipo kubwezako sikubwera msanga komanso sakubwezerani yonse.

Limit ya pachaka musangoona nambala yaikulu ili pamwamba. Mkati mwake muli ma limit ang'onoang'ono, a mano, a magalasi, a mankhwala, a kuonana ndi dokotala. Funsani ngati ndi ya munthu aliyense payekha kapena ya banja lonse, chifukwa ikakhala ya banja mankhwala a amayi okha atha kuimaliza chaka chili pakati, mwana akadwala mupeza mulibe kanthu. Masikimu ena ali ndi thumba lapadera la matenda okhalitsa ngati shuga ndi BP koma mumayenera kuwalembetsa amayiwo ndi kalata ya dokotala, sizichitika zokha.

Samalaninso ndi tima plan totchipa kwambiri tomwe timalipira ndalama yakuti pa usiku uliwonse womwe mwagona m'chipatala. Imeneyo si medical, bili yanu sakhudzako, ndipo ena amayamba kuwerenga mutagona kale masiku angapo.

Ndikanakhala inu, ngati kuntchito kuli sikimu ya gulu ndikanayambira kumeneko. Imatsikirako mtengo poti anthu ndi ambiri, abwana amaikapo gawo lawo, ndipo nthawi zina za kudikira zija amazichotsa, kungoti si onse amalola makolo. Zikakanika ndipo ndalama ndi yochepa, tengani yongolipira munthu akagonekedwa, poti bili yogwetsa banja imachokera kumeneko, za chimfine ndi chifuwa za ana muzilipira nokha kuchokera pa kandalama komwe mumapatula pamwezi osakakhudza. Ndipo musaiwale zipatala za boma, matenda ngati shuga ndi BP kumakhala kliniki yake, palibe chochititsa manyazi kukatenga mankhwala kumeneko khadi n'kulisungira zazikulu.

Ku pharmacy muzifunsa mankhwala ndi dzina lake lenileni osati la kampani. Glucophage ndi metformin yemweyo, Norvasc wa BP ndi amlodipine yemweyo, koma mtengo umasiyana kutali. Ingofunsani dokotala kaye musanasinthe. Bili ya chipatala nayonso muzipempha yolemba chinthu chimodzichimodzi, mumapezamo zinthu zolembedwa kawiri, ndipo ikakula lankhulani ndi a accounts musanatuluke, ambiri amalola kulipira pang'onopang'ono koma sangakuyambeni okha.

China, mukalowa musadumphitse mwezi. Policy ikafa chifukwa chosalipira, pobwerera ena amakutengani ngati watsopano, kudikira kwa amayi kuja n'kuyambiranso pa ziro. Ikani standing order, kuti banki izilipira yokha sikimuyo tsiku lomwe malipiro anu amalowa.