Funsani Tikuyankheni: Azimayi a pa chimbale cha amalume anathera kuti?

FUNSO: Moni akulu. Ine ndili kwa Kamwendo kuno ku Mchinji. Amalume anagwirako ntchito ku Zambia kalekale ndiye pobwerera anabwera ndi zimbale zija zakuda zoika pa gumbagumba, chimodzi chalembedwa Brides of Funkenstein. Akuti amaimba ndi azimayi ndipo nthawi yawo amachivina kobasi. Ndafunsa ma DJ a pa boma palibe akuwadziwa. Anali ndani amenewa, nanga bwanji sanamvekenso? Wowerenga, Mchinji

YANKHO: Achimwene, amalume anuwo ankadziwa nyimbo, muwapatse moni. Ma DJ musawadandaule, gululi linatha ambiri a iwo asanabadwe nkomwe.

Brides of Funkenstein linali gulu la ku America loimba funk, chamba chija chimene besi ndi ng'oma ndizo zimatsogola, mawu kumabwera pambuyo. Poyamba anali awiri, Dawn Silva ndi Lynn Mabry. Onsewa ankathandizira kuimba kwa woimba wotchuka Sly Stone, kenako cha mu 1977 anapita kwa George Clinton, mkulu wa magulu a Parliament ndi Funkadelic. Clinton ndi amene anawapanga kukhala gulu paokha, ndipo dzinalo linachokera kwa Dr. Funkenstein, munthu wongopeka wa mu nyimbo za Parliament, ndiye kuti iwowa amatchedwa akwatibwi ake. Apa pomwe mutha kuona kale mwini zinthu anali ndani.

Chimbale choyamba, Funk or Walk, chinatuluka mu 1978 ku kampani ya Atlantic ndipo nyimbo ya Disco to Go inalowa mu top 10 ya nyimbo za R&B ku America. Chaka chotsatira Lynn Mabry anachoka, mmalo mwake munalowa Sheila Horne ndi Jeanette McGruder nkukhala atatu, ndipo anatulutsa Never Buy Texas from a Cowboy mu 1979. Ine kumva kwanga chachiwirichi ndi chimene chili moto, gitala wake ndi waukali heavy. Chachitatu anajambula koma sichinatuluke. Basi, zimbale ziwiri za mu studio, nkhani yathera pompo.

Nanga chinavuta ndi chani? Osati mawu ayi, kuimba amatha. Vuto linali loti gululo silinali lawo. Clinton nthawi imeneyo anali ndi magulu ambirimbiri pakamodzi, lililonse kontilakiti yake, ku makampani osiyanasiyana, koma oimba zida pafupifupi omwewo, studio yomweyo, ndipo azimayiwa pamene akukankha zimbale zawo amayeneranso kukaimira kumbuyo pa ma show a Parliament, ndiye tangoganizani munthu mmodzi kusamala magulu onsewo ndalama nkumayenda bwino, sizingatheke. Zili ngati tenanti pa esiteti ya fodya, kulima walima iweyo koma ku okushoni belo imalowa pa dzina la bwana, ndipo bwana akagwa nawenso wagwa. Pofika 1981 Clinton anali atamira mu ngongole ndi milandu ya makontilakiti, ufumu wonse unaphwasuka. Iyeyo anadzukanso mu 1982 ndi chimbale chotuluka pa dzina lake, koma ma Brides sanadzuke nawo.

Ndipo si okhawa. Kunalinso gulu lina la azimayi la Clinton yemweyo, Parlet, la Mallia Franklin, Jeanette Washington ndi Debbie Wright. Awa anatulutsa zimbale zitatu ku kampani ya Casablanca kuyambira 1978 mpaka 1980, anthu kumangosinthasintha, nalonso linazima chimodzimodzi. Chomvetsa chisoni, Mallia Franklin ndi amene anakumanitsa Clinton ndi katswiri wa besi uja Bootsy Collins, koma dzina lake ndi ochepa amalitchula. Anamwalira mu 2010.

Kunena kuti sanamvekenso ndiye ayi, linatha ndi gulu chabe. Lynn Mabry anakaimba ndi gulu la Talking Heads, mukaonera filimu ya mu 1984 ya konsati yawo, Stop Making Sense, mumuona akuimba ndi kuvina pa siteji. Dawn Silva anayenda ndi gulu la The Gap Band, ndipo mu 2000 anatulutsa chimbale chakechake, All My Funky Friends.

Chimbalecho musachisiye padzuwa kapena pafupi ndi malata chimapindika, muzichiimika chilili osachigoneka pansi pa katundu. Mutilemberenso mutiuze kuti ndi chiti mwa ziwirizi.