Kuchotsa wosewera tenesi chifukwa cha ukali

Mnzanga, kuchotsa wosewera amene wavulaza munthu chifukwa cha ukali n'chilungamo, ngakhale atanena kuti sanachite dala. Mu 2017 pa Davis Cup, mpikisano wa tenesi wa matimu a mayiko, Denis Shapovalov anamenya mpira mokwiya n'kukagunda woweruza padiso, fupa linathyoka mpaka anachitidwa opaleshoni, ndipo Shapovalov anachotsedwa m'masewerowo. Novak Djokovic nayenso anachotsedwa pa US Open, mpikisano waukulu wa tenesi wa ku America, mu 2020 mpira wake utagunda pakhosi mayi woyang'anira mzere, ngakhale anali nambala wani padziko lonse.

Ine ndimasewera tenesi, ndipo zimandiwawa kuona ana otola mipira akutchinga kumaso wosewera akapsa mtima. Iwo alibe kothawira.

Ngati chilangochi chagwera inuyo, funsani mkulu wa oweruza pampikisanowo kapena loya wa zamasewera musanachite apilo.