Siyani kuwerengera masamu, werengani maola

Achimwene, mwalemba kuti munagona ndi mwamuna mnzanu ndipo mukufunsa kuti mwayi wotenga HIV ndi wochuluka bwanji. Ngati kondomuyo inaphulika Loweruka usiku ndipo inu ndi amene munali wolandira, kutanthauza kuti mnzanuyo ndiye analowa kumbuyo kwanu, monga mwalembera, ikani foni m'thumba mupite kuchipatala mukapemphe PEP, mankhwala oteteza kuti musatenge HIV pamene chiopsezo chachitika kale. Lero lomwe, osati mawa. Ndemanga zathuzi mukawerengera pamzere. Mankhwalawa amayenera kuyambidwa asanakwane maola 72, ndipo ukayamba msanga ndi pamene amagwira bwino. Malire anu ndi Lachiwiri usiku, koma musachite zanga zija zokafika nthawi itatsala pang'ono kutha.

Ndawerenga zimene mwalembazi thupi lonse lachita tsembwe ngati zanga zachitika dzulo, chikhalirecho papita zaka zitatu. Mwamuna amene ndinagona nayeyo tinali titadziwana miyezi iwiri. Munthu waulemu, wovala bwino, makondomu ankabwera nawo yekha m'thumba la jekete, ndipo chimenechi ndi chomwe chinandigoneka tulo. Linali Lachisanu cha m'ma 11 usiku, magetsi tinazimitsa. Titamaliza iye anapita kukasamba, ine ndinayatsa tochi ya foni kuti ndifunefune malaya anga. Pafupi ndi mwendo wa bedi ndinaona kondomu ili pansi. Ndinaitola ndi zala ziwiri, ndinaiunika. Yosang'ambika paliponse, ndipo mkati mwake munalibe kanthu. Ndinangoti kakasi. Madzi akuthira kubafa, munthu akuimba kanyimbo chapansipansi, ine nditakhala m'mphepete mwa bedi ndi kondomu m'manja, ndikuyesa kukumbukira kuti anaivula nthawi yanji. Ndinakumbukira kuti pakati pake anaima pang'ono akuti mwendo wachita dzanzi.

Atatuluka ndinamuonetsa. Anaseka. Akuti, "Aaa, aise, usadandaule, ine ndili bwinobwino, ndinayezetsa." Ndinamufunsa kuti liti, akuti chaka chatha. Kenako, uku akudzipukuta m'khosi ndi thaulo langa, anandifunsa kuti, "Ukandiyang'ana chonchi ndikuoneka wodwala ine?" Mpaka lero ndikakumbukira funso limenelo mtima umawira. Munthu wamkulu, wophunzira, kuchita zimene sitinagwirizane kenako n'kundisandutsa ine wamisala chifukwa ndafunsa. Amene amavula kondomu mobisa ndi anthu oipa, musandiuze zoti mwina anaiwala, kondomu siivuka yokha n'kukadzigoneka pansi pa bedi.

Uchitsiru wanga unayamba m'mawa mwake. M'malo mothamangira kuchipatala ndinakhala Loweruka ndi Lamlungu lonse pa intaneti kufunafuna funso lomweli mwafunsali, lakuti mwayi wotenga ndi wochuluka bwanji. Manambala ake ndinawaloweza ngati ndikukalemba mayeso. A CDC, bungwe la boma la ku America loona za matenda, amati ukagonana kumbuyo popanda kondomu ndi munthu amene ali ndi kachilombo, pa maulendo 10,000 aliwonse wolandira amatenga pafupifupi ka 138, wolowetsa ka 11. Kwa mkazi wogonana kutsogolo ndi ka 8. Ndiye 138 ija ndi ngati ulendo umodzi pa maulendo 72. Ine ndinagwira pa 71 otsalawo, ndinkadziuza kuti ndilimo ndithu mwa amwayiwo, ndipo mwinanso munthuyo alibe n'komwe. Ndinkagona ola limodzi, kudzuka, kuwerengeranso.

Chimene palibe anandiuza n'chakuti nambala imeneyo ndi ya pakatikati chabe, ya anthu miyandamiyanda ataphatikizidwa pamodzi. Siikudziwa za usiku wanu. Ngati mnzanuyo watenga kachilombo masabata ochepa apitawo, tizilombo m'magazi ndi mu umuna mwake timakhala tambirimbiri kuposa nthawi ina iliyonse, iye akuoneka wathanzi, mwinanso akayezetsa pa chala zikutuluka kuti alibe. Ngati mmodzi wa inu ali ndi chindoko, chinzonono kapena kachilonda, khomo limakhala lotsegula. Ngati munalibe mafuta otereretsa, ngati panatuluka magazi, ngati anathira mkati, zonsezo zimakweza chiopsezo. Khungu la mkati mwa njira ya chimbudzi ndi lopyapyala kwambiri, silitulutsa madzi otereretsa ngati kwa mkazi, limang'ambika timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo pansi pake pomwepo pali maselo a chitetezo amene kachilomboka kamafuna. N'chifukwa chake wolandira ndiye amakhala pa moto.

Mbali inayo ndi iyi. Munthu amene ali ndi kachilombo koma akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka viral load yake, kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, yatsika osaonekanso, sapatsira mnzake pogonana. Kafukufuku wa PARTNER2 amene anatuluka mu 2019 anatsatira mabanja 782 a amuna okhaokha ku Ulaya, mmodzi ali nako wina alibe. Anagonana opanda kondomu maulendo opitirira 76,000 ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anatenga kuchokera kwa wokondedwa wakeyo. Ndiye onani mmene zilili, chiopsezo chanu chikhoza kukhala ziro, chikhozanso kukhala chachikulu kuposa 138 ija, ndipo inu simukudziwa kuti munagona ndi uti. Ine lero wondiuza kuti "ndili nako, ndimamwa mankhwala, zotsatira zanga za viral load ndi izi" ndimakhala naye mtima uli m'malo kusiyana ndi wa "ndinayezetsa chaka chatha".

Ndinakafika kuchipatala Lolemba cha m'ma 9 m'mawa, maola 58 atapita kale. Apa ndiye pamene pamandiwawa kuposa za kondomu zija. Ndinalowa, ndinakhala pansi, ndinanena zoona zonse mwakachetechete. Namwinoyo anaika cholembera pa tebulo. "Mwati bwanji bambo? Ndi mwamuna mnzanu?" Mokweza, chitseko chili chotsegula pang'ono, pabenchi panja pali anthu thoo. Anasuzumira pakhomo n'kuitana mnzake kuti, "Asisi, tabwerani mudzamve izi." Awiriwo anaima kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Wina anandifunsa ngati mayi anga akudziwa zimene ndimachita. Winayo akuti PEP ndi wa anthu ogwiriridwa ndi ogwira ntchito amene adzibaya ndi jakisoni, osati wa anthu ochita kufuna okha. Bodza lenileni, PEP ndi wa aliyense amene wakhala pa chiopsezo m'maola 72 apitawo, koma nthawi imeneyo pakamwa panga panali pouma, mawu osatuluka. Ndinatola kakhadi kanga pa tebulo dzanja likunjenjemera moti kanagwa pansi, ndinawerama kukatola iwo akuseka. Potuluka, mayi wina wa pabenchi paja anakokera chikwama chake pafupi kuti ndisachikhudze. Ndinakaima kuseri kwa chipatala pafupi ndi thanki ya madzi, ndinalira ngati mwana.

Anthu amenewo analumbira kuti adzathandiza odwala. Akanakhala kuti andipha tsiku limenelo sakanadziwa n'komwe, akanangopita kwawo kukasimba nkhani yoseketsa ya kuntchito. Ndi angati amene amatuluka pakhomo lija osapitanso kwina?

Ine ndinapita kwina chifukwa mnzanga wina anandikalipira pa foni mpaka ndinadzuka. Ndinafika cha m'ma 4 madzulo, ola la 65. Kumeneko ndinanama. Ndinati ndinaledzera, ndinagona ndi mtsikana wosamudziwa, kondomu inaphulika. Adokotala anangogwedeza mutu, anandiyeza magazi pa chala kuti aone ngati ndinalibe kale, ndipo mphindi 20 zisanathe ndinali ndi botolo m'manja. Piritsi limodzi tsiku lililonse kwa masiku 28. Sabata yoyamba mseru, mutu, tulo tosabwera, kenako thupi linazolowera. Musasiyire panjira chifukwa mwayamba kumva bwino mumtima, malizani onse.

Tsopano malangizo anga, ndipo ndikudziwa kuti wina aseka. Mukawauze zoona. Inde, ine bodza ndi limene linandipatsa mankhwala, sindikukana. Koma bodza lomwelo linandilipiritsa. Poti ndinati ndi mtsikana, anangondifunsa ngati kutsogolo kukutuluka mafinya kapena kuwawa pokodza, ine ndinati ayi, nkhani inathera pomwepo. Patapita masabata angapo ndinayamba kumva kuwawa pochita chimbudzi, kenako zoterera zachikasu. Chinali chinzonono cha kumbuyo chimene munthu waulemu uja anandisiyira. Chinzonono cha kumbuyo ndi cha kukhosi nthawi zambiri chimakhala phee osaonetsa zizindikiro, ndipo sangachiganizire ngati simunanene komwe kunachitikira zinthu. Ndiye nenani zoona. Mukaona nkhope ya amene mwamupezayo yayamba kusintha, musadikire kuti aitane anzake, nyamukani mupite kwina, ndipo kumeneko chitani chilichonse chimene chingakupatseni botolo lija lero. Zoyezetsa zinazo mudzazikonza pambuyo.

Ndaona ena m'mwambamu akuti mungokayezetsa mawa mudziwe. Kuyezetsa kwa mawa kungokuuzani za miyezi yapitayo, za Loweruka sikungazione. Zoyezera pa chala zija zikhoza kutenga masiku 23 mpaka 90 kuti zigwire, za kulabu zotenga magazi pamkono masiku 18 mpaka 45. Mukamaliza PEP mukayezetsenso monga angakuuzeni, ndipo pakatha miyezi itatu mukatsimikize. Ine zanga zinatuluka bwino, koma akulu amati linda madzi apite ndipo uziti ndadala, miyezi itatu ija ndinaonda. Kachimfine kalikonse, katotupa kalikonse pakhosi, ndinkati basi kayamba. Zizindikiro sizikuuzani kanthu, nkhawa yokha imatha kukutenthetsani thupi.

Wina walemba kuti mudzitsuke mkati ndi sopo. Musayerekeze, mungowonjezera timabala. Winanso akuti wolowetsa satenga. Amatenga, 11 si ziro, makamaka akakhala ndi kachilonda kapena ngati sanadulidwe. Za mkamwa zokha chiopsezo chake n'chochepa kwambiri, kupsompsonana kulibe vuto, izo musataye nazo tulo. Ndipo poti mwati yanu inaphulika, dzifunseni kuti munadzola chiyani. Vaseline, mafuta odzola m'thupi ndi mafuta ena onse otero amafooketsa mpira wa kondomu m'mphindi zochepa. Pamafunika lube, chotereretsa chopangidwira kugonana, wa madzi kapena wa silicone, wambiri, osaumira.

Mukamaliza masiku 28 aja mufunse za PrEP, mankhwala amene munthu wopanda kachilombo amamwa chiopsezo chisanachitike kuti asatenge, tsiku lomwelo, musasiye mpata. Ine ndakhala ndikumwa kuyambira nthawi imeneyo. Ukamamwa tsiku ndi tsiku amachepetsa chiopsezo chotenga pogonana ndi pafupifupi 99 peresenti, ndipo kwa wolandira amatenga masiku 7 kuti akhazikike m'thupi. Kwa amuna palinso njira ya 2-1-1 imene WHO inavomereza mu 2019: mapiritsi awiri maola 2 mpaka 24 musanagonane, limodzi pakatha maola 24 kuchokera pamene munamwa awiri aja, lina pakatha 48. Ine njira imeneyo sindiikonda chifukwa zinthu zanga sizichitika pa ndondomeko. Kulinso jakisoni wa cabotegravir wa miyezi iwiri iliyonse, ndi lenacapavir wa kawiri pa chaka amene anavomerezedwa mu 2025, funsani ngati komwe muliko afika. PrEP saletsa chindoko ndi chinzonono, ndiye kondomu musaitaye, ngakhale kunena zoona ine kondomu ya m'thumba la munthu wina sindiikhulupiriranso, ndimabwera ndi zanga ndipo dzanja langa limapita kukafufuza pakati pa zinthu, kaya akwiye.

Mnzanuyo mukhoza kumupempha kuti mukayezetse limodzi, zimathandiza adokotala kudziwa chochita. Koma musadikire yankho lake, ndipo chimene angakuuzeni pakamwa musachiwerengere. Wanga uja anandilembera patatha chaka, akuti "wasowatu aise". Sindinayankhe, nambala yake sindinafufutebe, sindikudziwa chifukwa chake.

Tengani chaja ya foni, mzere umatha kutalika. Mukalandira botolo mumwe piritsi loyamba pomwepo musanatuluke pageti, kenako mundilembere ku inbox kuti zayenda bwanji, ndikhala ndili pa intaneti mpaka usiku.