Funsani Anti wa Maluwa: orchid wayoyola maluwa, ndidule pati?

FUNSO: Anti muli bwanji, ine ndimakhala ku Chilenje mu Lusaka. Alamu anga anandipatsa orchid pa kitchen party mu April, anali ndi maluwa oyera 8 ndipo anakhala miyezi 3 osafota koma manje onse ayoyoka kwatsala kamtengo chabe, amuna anga akuti taya chinafa icho. Ndinathiramo dothi lakuda la kudimba komanso ndimathirira m'mawa uliwonse koma masamba akungokwinyika. Ndidule pati kuti achitenso maluwa?

YANKHO: Amai, auzeni abambo akunyumba kuti maliro sanachitike, koma sizasiyo iyambe yadikira kaye chifukwa pomwe pandiopsa ine ndi pa dothi ndi madzi aja. Orchid wa mumashopuyu, wa masamba okhuthala ngati lilime la ng'ombe, ndi Phalaenopsis, kwawo ndi kunkhalango za ku Philippines ndi Indonesia ndipo kumeneko samera pansi, amakakamira pa mitengo mizu ili pamtunda kumapuma mphepo. Ndiye inu mwamukwirira ngati rape nkumamumwetsa daily, mizu yaola, ndipo masamba akukwinyika chifukwa chomera chili ndi ludzu chili m'madzi momwemo, palibe muzu woti chimwere. Ine woyamba wanga ndinamupha chonchi, ndinkati ndikumukonda.

Mzuleni lero lomwe. Tsukani dothi lonse, mukapeza kachiphuthu ka moss (ndere zouma) pakati pa mizu kachotseni, kamasunga madzi ngati siponji. Kenako finyani muzu umodzi umodzi ndi zala. Wolimba, wobiriwira kapena wotuwa ngati siliva, ndi wamoyo musaukhudze. Wabulauni wofewa, woti mukaukoka khungu limavuka nkutsala kaulusi, dulani. Sizasi muyambe mwaipukuta ndi sipiriti uja wa papo. Mubzale m'makungwa a paini oduladula, muphatikize timakala tating'ono totsuka bwino, awa sasowa mu Lusaka muno, ndipo poto akhale wa mabowo ambiri, wapulasitiki woonekera mkati ndiye bwino kwambiri poti mizu imakuuzani yokha: ikakhala yobiriwira musathirire, ikatuwa thirirani mpaka madzi atuluke pansi. Nthawi zambiri ndi kamodzi pa sabata, mu October kukatentha mwina kawiri, mu June mutha kudikira masiku 10. Madzi asakhale pakati pomwe pamatulukira tsamba latsopano, akagwerapo pukutani ndi tishu, pakaola pamenepo ndiye basi amuna anu awina mlandu.

Tsopano kamtengo kaja. Kayang'anitseni, kali ndi timfundo ngati nzimbe. Ngati kauma kasanduka bulauni dulani pansi penipeni musiye sentimita 2 kapena 3. Kakakhala kobiriwira anthu amadula sentimita imodzi pamwamba pa mfundo yomwe ili pansi pa pomwe panali duwa loyamba, ndipo nthawi zina pamatuluka nthambi ya maluwa ena pakatha miyezi 2 kapena 3, ngakhale amakhala ochepa. Koma wanuyu ndi wodwala, ine ndikuti dulani pansi ngakhale kali kobiriwira, mphamvu zipite ku mizu. Pabalapo mutha kupaka sinamoni pang'ono kuti paume, koma ku mizu asafike.

Za madzi ndionjezere, a m'mipopi ndi m'maboholo a kuno ali ndi laimu wambiri poti mzindawu unakhala pa miyala ya laimu, zoyera zija zimamata mu ketulo wanu zimamatanso ku mizu. Mvula ikayamba mu November tchererani a mvula mu chigubu. Muikeni pa windo loyang'ana kum'mawa kuseri kwa katani yopyapyala, dzuwa la masana limaotcha masamba. Kuzizira pang'ono usiku kwa masabata angapo ndi komwe kumamudzutsa kuti atulutse kamtengo katsopano, koma osamugoneka panja mu July, kuno kumatsika kufika madigiri 10 ngakhale kuchepera, samapirira. Feteleza wa D Compound ayi chonde. Feteleza wa madzi, musungunule theka la mlingo wolembedwa pa botolo, ndipo muyambe mizu yatsopano ikaoneka. Chaka chino mwina maluwa simuwaona.

FUNSO: Wanga mizu ikutulukira kunja kwa poto ngati zala, zikundinyansa, ndimete? Palinso tinthu toyera ngati thonje kunsi kwa masamba. Ndine bambo wa ku Chelstone.

YANKHO: Musamete bambo, ndi mmene analengedwera, mizu imeneyo imakoka chinyezi cha mumpweya. Tathonjeto ndi tizilombo, abale ake a kodikodi wa chinangwa, timayamwa madzi a chomera. Viikani kathonje mu sipiriti mupukute kamodzi kamodzi, mubwereze sabata iliyonse mpaka titheretu, ndipo mumutalikitse ndi maluwa ena.

FUNSO: Anti ndamva ati chikanda ndi orchid, zoona? Ndiye wanga akafa ndingaphike?

YANKHO: Hahaha zoona ndithu koma poto wa nsinjiro mubwezereni. Chikanda, ena amati chinaka, chimachokera ku timbatata ta ma orchid a pansi monga Disa, Satyrium ndi Habenaria omera m'madambo ndi m'mapiri, ndipo akumbidwa kwambiri moti tina timachita kuchokera ku Tanzania. Wa pa windo wanuyo alibe kambatata ngakhale kamodzi. Mukafuna wa kwathu kuno funsani ku nazale za leopard orchid, Ansellia africana, wa maluwa achikasu a mawanga ngati kambuku, amamera pa mphanda za mitengo ndipo dzuwa lathuli amalipirira kuposa wa mushopu. Mugule wobzalidwa, osati wokanganula m'tchire amene amagulitsa m'mbali mwa msewu.