Liwu loti dipuloma lisakukomedwetseni, achemwali

Achemwali, dipuloma ya miyezi itatu mukufunsayo musalipire kaye. Ndikulemba mtima ukuwawa, chifukwa timakoleji ta m'zipinda za lendi iti taliza mabanja ambiri.

Liwulo palokha silinena kuti munthu waphunzira zaka zingati. Linachokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi chinthu chopindidwa pawiri basi. Kwa Aroma tinali timapale tiwiri tamkuwa tomangidwa pamodzi ndi waya, timene msilikali wosakhala nzika ankalandira akakwanitsa zaka 25 ali pa ntchito, mboni zisanu ndi ziwiri zitaikapo zidindo. Mphamvu yonse inali mwa amene wadinda. M'Chingerezi linalowa m'zaka za m'ma 1600, poyamba likunena chikalata cha boma, n'chifukwa chake akazembe amawatcha ma diplomat. Lero aliyense wokhala ndi printer ndi pepala lolimba akulilemba, ndipo akuba aja apezerapo mpata.

Ku America high school diploma ndi pepala lomalizira sekondale, mnzake wa MSCE yathu. Kuno dipuloma yeniyeni imabwera pambuyo pa MSCE, zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ili pansi pa digiri. Postgraduate diploma ndiye ili pamwamba pa digiri yoyamba. Ku Joni, pa makwerero a maphunziro a boma, dipuloma ili pa level 6, advanced diploma pa 7, ndipo pepala lakunja amayamba aliyeza a SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro kumeneko.

Tsiku lolira limakhala la intaviyu. Mwavala jekete yobwereka, envelopu ya khaki ili m'manja, mwadikira pabenchi kuyambira 7 koloko. Bwana atenga pepalalo, alitembenuza, ayang'anitsitsa chidindo, kenako afunsa mwaulemu kuti, "Transcript ili kuti, mayi?" Pepala loonetsa maphunziro ndi magiredi anulo mulibe, poti kukoleji sanakupatseni. Atsegula mndandanda wa NCHE, bungwe la boma lovomereza makoleji, pa kompyuta, atsitsa mpaka pansi, abwereranso pamwamba. Dzina la kolejiyo mulibe, kapena lilimo koma maphunziro anuwo sanavomerezedwe, paja kulembetsa sukulu ndi kuvomereza maphunziro ake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Akubwezerani envelopu ndi manja awiri. Mukathamangira kukoleji kuja mupeza chikwangwani anachotsa, m'chipindamo akugulitsa kaunjika, nambala ya mwiniwake sikupezeka. Chithunzi cha gauni chili pakhoma kwa amayi, amene anagulitsa mbuzi kuti fizi ikwane. Eni timakoleji timeneti ndi opanda chisoni, amadziwa bwino lomwe kuti pepalalo ndi lachabe pomwe akulandira ndalama ya gauni padera!

Musanapereke ngakhale tambala, funsani dzina lenileni la bungwe lomwe lidzadinde pepalalo, osati la ophunzitsa okha. Fufuzani dzina la maphunzirowo ku NCHE, ngati ndi za ntchito zamanja funsani ku TEVETA. Akuonetseni transcript ya amene anamaliza kale, ataphimba dzina, muone maphunziro angati, magiredi otani. Akati MSCE siyofunika, mayeso kulibe, nyamukani. Malisiti onse sungani.

Komabe ngati mtengo wake ndi wochepa ndipo mukungofuna luso, monga la kompyuta kapena kusunga mabuku a ndalama, tengani ndithu, makampani ang'onoang'ono ambiri amayang'ana zomwe manja anu akuchita. Pa CV pokha mulembepo kuti inali ya miyezi itatu.