Mafunso a Owerenga: Magemu a pa TV Amene Tinakula Nawo

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wa zaka 41. Tili ana tinkasonkhana kunyumba kwa mnzathu wina kukasewera Super Mario ndi Contra, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti palibe gemu yoposa imeneyo. Posachedwa mwana wanga anandiikira magemu omwewo pa foni, koma pasanathe mphindi khumi ndinali nditatopa nawo. Kodi amene ali pa foniwa ndi achinyengo, kapena ndasintha ndine? — Wowerenga, Ndirande

YANKHO: Bambo, n'kutheka kwambiri kuti gemu imene mwana wanu anakuikirani ndi yomwe ija, ndipo ngati pali zachinyengo pa nkhaniyi, zinali m'makina amene munkasewerera kalelo. Super Mario Bros. inatuluka mu 1985 kuchokera ku kampani ya Nintendo ya ku Japan, motsogozedwa ndi Shigeru Miyamoto, ndipo inapangidwira makina otchedwa Famicom amene anayamba kugulitsidwa mu 1983. Makina ambiri amene ankapezeka m'misika yathu anali ongotengera Famicom, ndipo ankabwera ndi timakaseti tolembedwa kuti muli magemu zikwizikwi, pamene m'kati munali magemu ochepa chabe obwerezedwabwerezedwa pansi pa mayina osiyana. Ana sitinkadandaula nazo zimenezo, chifukwa magemu ochepawo ndi amene tinkawafuna.

Kumbukirani mmene zinthu zinalili. Wayilesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, choncho izi zisanachitike, TV ya m'nyumba zambiri inali yoonerapo mafilimu a pa kaseti ndi kusewerera gemu basi, ndipo nyumba zimene zinali nayo zinali zowerengeka. Mwana wa m'nyumba yotere ankasanduka mfumu ya ana onse a m'deralo. Mapadi, tizipangizo ta mabatani togwira m'manja posewera, anali awiri okha, ana odikira anali khumi kapena kuposerapo, ndipo lamulo linali lakuti ukafa upereke padi kwa mnzako. Munthu ukadikira ola lathunthu kuti ugwire padi kwa mphindi zitatu, mphindi zitatuzo umazisewera ndi mtima wonse, manja ali thukuta, anzako akukukuwira kumbuyo kuti udumphe. Lero foni ili m'thumba mwanu, palibe wokulandani, ndipo palibenso wokusekani mukagwera m'dzenje.

Chinanso n'chakuti magemu a nthawi imeneyo anali ovuta mwadala. Super Mario Bros. yonse ndi yaing'ono kwambiri, pafupifupi makilobayiti 40, kutanthauza kuti chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp chimatha kuiposa kukula. Popeza malo anali ochepa chonchi, opanga ankatalikitsa masewera powalimbitsa. Gemuyi ili ndi zigawo 32 ndipo inalibe njira yosungira pamene mwafika, moti magetsi akazima muli pafupi ndi mapeto, kapena mayi a mwini nyumba akalamula kuti aliyense azipita kwawo, mawa lake munkayambiranso pachiyambi. Contra, ya kampani ya Konami, inkakupatsani miyoyo itatu yokha ndipo chipolopolo chimodzi chinali chokwanira kukuphani, n'chifukwa chake mwana amene ankadziwa chinsinsi chodina mabatani motsatana, kuyambira m'mwamba kawiri ndi pansi kawiri, kuti mupeze miyoyo 30, ankapatsidwa ulemu ngati sing'anga. Mapulogalamu ambiri a pa foni amalola kusunga gemu pena paliponse, ndipo mantha aja akachoka, theka la kukoma limapita nawo.

Ineyo ndimaona kuti mbadwo uliwonse uli ndi gemu yake imene umaikira kumbuyo. Ang'ono anu, amene anakula PlayStation 2 itatuluka mu 2000, adzakuuzani kuti nthawi yabwino inali ya magemu a mpira wa miyendo a Winning Eleven ndi Pro Evolution Soccer m'tizipinda tolipira ta m'misika, kumene wopambana ankakhalabe pampando ndipo wogonja ndiye ankalipira gemu yotsatira. Iwowo akamatchula Castolo ndi Minanda, osewera ongopeka a mu Master League, gawo la magemuwa lomwe munthu amayendetsa timu yakeyake, amawatchula ngati abale awo. Langizo langa ndi lakuti musayeserenso nokha pa foni, pakuti kudina galasi sikufanana ndi kugwira padi. Pezani mapadi awiri, lumikizani ku TV, ndipo mukhale pansi ndi mwana wanuyo pa Contra, imene anthu awiri amasewera nthawi imodzi.

FUNSO: Ndikukonza m'nyumba ya makolo athu ndinapeza makina akale a achimwene anga, pamodzi ndi mfuti yowombera abakha. Makinawo akuyaka, koma mfutiyo sikugwira pa TV yathu yatsopano ngakhale ndiigunditse pagalasi. Kodi yafa? Komanso, kodi kuuzira mpweya m'kaseti monga tinkachitira kumathandizadi? — Wowerenga, Zomba

YANKHO: Mayi, musaitaye mfutiyo, chifukwa mwina ili bwinobwino. Gemu ya abakhayo ndi Duck Hunt, ya mu 1984, ndipo mfuti yake situlutsa kanthu koma imalandira kuwala. Mukakoka chowombera, TV imada kwa kanthawi kochepa kwambiri, kenako pamalo pamene pali bakha pamaoneka kabokosi koyera, ndipo kachipangizo ka m'kati mwa mfuti kakaona kuwalako gemu imadziwa kuti mwalasa. Zonsezi zimadalira kuti chithunzi chioneke nthawi yomweyo, monga zinkachitikira pa ma TV akale a chimsana chachikulu aja. TV zamakono zopyapyala zimayamba zakonza chithunzi zisanachionetse, ndipo kuchedwa pang'ono kumeneko n'kokwanira kusokoneza mfuti. Mukapeza TV yakale kwa okonza mawayilesi, yesani pamenepo.

Za kuuzira mpweya, tonse tinkachita ndipo tonse tinkalumbira kuti zimagwira ntchito, koma chimene chinkathandiza kwenikweni chinali kuchotsa kaseti ndi kuibwezeranso, zomwe zinkachititsa kuti timano take tachitsulo tigwirane bwino ndi makina. Mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi chimene chimawononga timanoto pakapita nthawi. Pukutani ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi sipiriti, ndipo mudikire kuti paume musanalowetse.

FUNSO: Tatsutsana kuntchito. Ine ndikuti mu Nokia 3310 munali bawo, anzanga akuti munali njoka yokha. Akulondola ndani? — Wowerenga, Kasungu

YANKHO: Achimwene, mwapambana, ngakhale kuti si kwathunthu. Nokia 3310, imene inatuluka mu 2000, inali ndi magemu anayi: Snake II, Space Impact, Pairs II ndi Bantumi. Bantumi ndiyo mukuikumbukira, ndipo ndi ya m'banja limodzi ndi bawo, pakuti nayonso ndi yofesa timiyala m'timayenje. Kusiyana kwake n'kwakuti inali ndi mizere iwiri ya timayenje sikisi pamodzi ndi mayenje awiri aakulu osungiramo zimene mwadya, pamene bawo wathu ali ndi mizere inayi ya timayenje eyiti, onse pamodzi 32, ndipo malamulo ake ndi ozama kwambiri. Anzanuwo asachite manyazi, chifukwa ambiri amene anagwirapo foni imeneyi ankathera nthawi yawo yonse pa njoka, ndipo magemu atatu enawo sankawatsegula n'komwe.